Momwe mungasokere chofunda cha kantha ndi nsalu zakale

M'dera la Bengal, lomwe lero mbali ina ndi West Bengal ku India ndipo ina ndi dziko la Bangladesh, amayi akhala akusanjikiza masari otha ntchito (sari ndi nsalu yaitali yomwe amayi a kumeneko amavala) n'kuwasoka pamanja kuti akhale chofunda chotchedwa kantha. Kale ulusi ankachita kusolola m'mphepete mwa sari yakale, kotero kuti panalibe chogula. Masiku ano nsalu zosokedwa motere zikuyalidwa pamabedi ndi pamipando ya pabalaza, zina akusokera majekete, ndipo kantha ya maluwa ndi zithunzi, yotchedwa nakshi kantha, inalembetsedwa ku India mu 2008 monga luso la West Bengal. Kasokedwe kake ndi kophweka: singano imangolowa ndi kutuluka motsata mzere.

Yambani ndi kusankha nsalu, ndipo pamenepa musapupulume. Ikhale ya thonje yomwe yachapidwa kambirimbiri mpaka kufewa, chifukwa yatsopano imakhala yolimba, imavuta kubowola ndipo imadzafupika mukaichapa. Sari imodzi imatalika mamita 5 kapena 6, choncho ikhoza kupindidwa katatu n'kukwanira yokha. Amene alibe sari agwiritse ntchito zitenje zakale zitatu, popeza nazonso zambiri ndi za thonje, koma zoterera za nayiloni musazitenge ngakhale zikongole chotani, chifukwa zimathawathawa posoka. Kwa oyamba kumene ndikulangiza kansalu ka masentimita 50 mbali zonse, koti kadzakhale kophimbira pilo wa pampando. Chofunda cha bedi chimadya milungu ndipo ambiri amachisiyira panjira.

Chapani nsaluzo, muzisite, kenaka muziyale pamkeka kapena patebulo lalikulu. Yokongola kwambiri ikhale pamwamba, ina yooneka bwino pansi, ndipo yosuluka kapena ya zigamba ibisike pakati. Salazani ndi manja kuchokera pakati kupita m'mbali, kenaka mugwirizitse nsalu zonse ndi misoko italiitali yongoyembekezera, yopingasa ndi yotsika, yomwe mudzaisolole pamapeto.

Tsopano jambulani mizere yowongoka ndi choko, yotalikirana sentimita imodzi, ndipo mutenge ulusi wa thonje wokhuthalako, woyera kapena wofiira, utali wosapitirira mkono wanu kuti usamapotane. Yambirani mzere wapakati, osati wa m'mphepete, chifukwa mukayambira m'mbali nsalu yotsala imaunjikana pakati n'kutupa. Mfundo ya ulusi muikokere mkati kuti ibisike pakati pa nsalu. Polowetsa singano, nyamulani timisoko titatu kapena tinayi nthawi imodzi musanakoke ulusi, kalikonse kotalika ngati njere ya mpunga, ndipo muonetsetse kuti singano ikubowola nsalu zonse zitatu.

Chimene chimasiyanitsa kantha ndi chofunda cha pamakina ndi timakwinya tating'ono tomwe timabadwa pakati pa mizere. Mukasoka mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, yendetsani chikhatho pamwamba: mudzamva nsalu ikuchita timafunde ngati mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Timakwinya timeneti timaoneka bwino pamene misoko ya mzere wotsatira ikugwera patsogolo kapena pambuyo pang'ono pa misoko ya mzere woyamba. Ulusi muukoke pang'ono chabe. Mukaukoka kwambiri nsalu imakhwinyata ndi kupindika m'makona. Misoko ikasiyanako kukula musaimasule, pakuti ndi umene umakhala umboni woti ndi ntchito ya manja, ndipo kwa ine ndi pomwe pagona kukongola kwake.

Mukazolowera mizere yowongoka mukhoza kujambula duwa pakati, monga amachitira a ku Bengal ndi duwa la m'madzi la lotus, n'kumalizungulira ndi misoko mpaka kufika m'mbali.

Pomaliza sololani misoko yongoyembekezera ija, dulani m'mphepete kuti mufanane, pindirani mkati nsalu ya pamwamba ndi ya pansi pafupifupi sentimita imodzi, ndipo mutseke ndi mizere iwiri ya timisoko tothinana. Chapani ndi madzi ozizira ndi sopo wochepa, osafinya mopotokola, ndipo muyanike pamthunzi kuti mitundu isasuluke. Musachisite ndi simbi, chifukwa imaphwasula timakwinya tija.