Kukagona kunyumba ya mfumu ku Jodhpur, njira yake ndi iyi

Kwathu kuno kum'mawa kwa Zambia kunyumba ya mfumu sumangolowa ngati pamsika, ku Ephendukeni kwa a Mpezeni kapena ku Mkaika kwa a Gawa Undi umayamba wadzera kwa nduna. Manje ku India kuli nyumba ya mfumu yomwe umalipira n'kugonamo, dzina lake Umaid Bhawan, mumzinda wa Jodhpur. Anaimangitsa ndi Maharaja Umaid Singh kuyambira 1929 mpaka 1943, kunali chilala ndiye mfumuyo inati anthu azigwira ntchito yomanga apezeko chakudya, ganyu wa zaka 14 ameneyo. Zipinda 347! Lero anaigawa patatu, mbali ina banja lachifumu likhalamobe, ina ndi myuziyamu, inayo hotela yoyendetsedwa ndi kampani ya Taj.

Yambani ndi visa, muchitiretu pa intaneti. Khadi yachikasu ija ya katemera wa yellow fever musaiwale, ndeke zambiri zimadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi ndipo ku India amaifunsa ukadzera kumeneko.

Ndeke musathamangire ya ku Lusaka chabe, kukhala pabasi tsiku lonse mu Great East Road pamene Lilongwe ili pafupi apa ukangodumpha boda ya Mwami, yerekezani mitengo ya mbali zonse ziwiri. Mukatera ku Delhi pali sitima kapena kandeke kena mpaka Jodhpur. Pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi, mu Meyi kumatentha kuposa ku Mfuwe mvula isanagwe, kumeneko ndi m'mbali mwa chipululu cha Thar.

Nkhani ya ndalama tsopano. Chipinda n'chodula zoopsa, paja ndi pomwe katswiri wa mafilimu Priyanka Chopra anachitira ukwati mu 2018, ndiye bukani msanga ndipo usiku umodzi wakwana, osadzipha ndi ngongole ya kaloba chifukwa cha bedi. Ngati thumba lakana, ine ndingati gonani pa gesitihausi m'tauni, m'mawa mukwere katukutuku kupita kuphiri la Chittar komwe kuli nyumba ya mfumuyo mukagule tiketi ya myuziyamu, muone mawotchi akale ndi magalimoto akale a mfumu onyezimira ngati atuluka lero mufakitale. Koma geti ya kuhotela musalimbane nayo, alonda salowetsa munthu wopanda buking'i, zithunzi jambulirani panja pomwepo nyumba yonse imalowa bwino mufoni.