Oyilo wakuda sachiza chipere cha mphaka

Kuyambira pamene anthu anamaliza kukolola m'mwezi wa Meyi kufikira nyengo yozizira ino, ndakumana ndi amphaka angapo m'midzi ya kudera la Chamama m'boma la Kasungu atapakidwa oyilo wakuda wotsanulidwa m'njinga yamoto kapena mu injini ya chigayo, ndipo ambiri mwa iwo anafa sabata isanathe. Eni ake onse anandiuza chifukwa chimodzi, kuti mphaka anathothoka ubweya kumaso ndi m'makutu, kenaka ana a m'nyumbamo anatuluka zipere, choncho iwo anafuna kupha matendawo pa gwero lake. Cholinga chimenecho sindikuchitsutsa, koma njira yake ikupha chiweto chothandiza pakhomo ndi kusiya matenda ali momwemo m'nyumba.

Mphaka si ng'ombe ndiponso si galu. Amatha nthawi yaitali tsiku lililonse akudzinyambita, ndipo lilime lake ndi lokhakhala ngati chipeso, motero chilichonse chimene mwapaka pakhungu pake chimakathera m'mimba dzuwa lisanalowe. Oyilo amene wagwira ntchito mu injini amakhala ndi tizidutswa ta zitsulo ndi zotsalira za mafuta oyaka, zimene zimawotcha khungu, kusanzitsa, ndi kuwononga chiwindi ndi impso. Komanso chiwindi cha mphaka chimalephera kusungunula mankhwala ambiri amene ziweto zina zimapirira, ndipo n'chifukwa chake ena amene m'malo mwa oyilo amuwaza Actellic wosungira chimanga, kapena kumusambitsa ndi dibi wa ng'ombe, amamupeza m'mawa akunjenjemera, akutuluka dovu, miyendo itauma. Zimandipweteka mtima kuti munthu yemweyo amene amawerenga mosamala malangizo a pa botolo asanapopere fodya wake, akafika pa mphaka amangotenga chilichonse chimene chili pafupi.

Chimene ambiri sakuchimvetsa n'chakuti chipere sichikhala pa bwalo lothothoka ubweya lokha limene mukuliona. Chimayamba ndi tizilombo ta gulu limodzi ndi chuku, ndipo mtundu umene umapezeka kwambiri mwa amphaka umatchedwa Microsporum canis. Timadya ubweya ndi khungu lapamwamba, ubweyawo n'kuthyoka ndi kugwa utanyamula timbewu tosaoneka ndi maso, timene timatha kukhala ndi moyo pa bulangete, pamphasa kapena m'ming'alu ya pansi mpaka miyezi 18. Pamene mukuona bwalo loyamba pakhutu pa mphaka, timbewu timeneti tafalikira kale thupi lake lonse ndiponso paliponse pamene amagona. Mu Juni ndi Julayi mphaka sagona kunja, amalowa m'bulangete la ana kapena kudzipinda pa chitenje pafupi ndi moto, ndiye oyilo wopakidwa pakhutu angafike bwanji kumeneko? Mphaka amafa, koma bulangete limapitiriza kupatsira ana.

Bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya ndi mtedza amene ndimamulemekeza chifukwa cha khama lake, anandiitana m'mawa wina kuti ndikaone mphaka wake wamkazi. Ndinamupeza ali gone kuseri kwa khitchini, ubweya wa pamsana utamatana ndi oyilo ndi fumbi, maso ali otseguka pang'ono, ndipo tiana take titatu tinali kulira m'dengu. Mdzukulu wawo wamkazi wa sitandade 2 anaima chapatali atavala chipewa cha ulusi ngakhale dzuwa linali litakwera, ndipo agogo ake aakazi atamuvula chipewacho ndinaona mabwalo awiri otuwa pamutu, tsitsi litathyokera m'munsi.

"Alangizi, ifetu takula tikuona agalu a mphere akupakidwa oyilo yemweyu, ndipo ena ankachira," anatero bamboyo.

"Bambo, amene ankachirawo ankachira ngakhale oyiloyo anawavutitsa, ndipo amene ankafa sitinkawawerenga," ndinayankha motero, ndipo ndinawapempha sopo ndi madzi ofunda.

Tinamusambitsa mphakayo katatu, koma tinachedwa, moti anafa tsiku lotsatira, ndipo tiana take tinatsatira chifukwa tinali tisanayambe kudya patokha. Patatha mwezi ndinadutsanso pakhomopo, ndipo bamboyo ananditengera m'chipinda chimene amasungira zokolola n'kundionetsa matumba a PICS, osungira mbewu osalowa mpweya, amene anagula ndi ndalama za fodya. Popanda mphaka pakhomo, makoswe anali ataboola matumba angapo m'munsi, ndipo aliyense amene amagwiritsa ntchito matumba amenewa akudziwa kuti likangobooka mpweya umalowa, anankafumbwe n'kuyamba ntchito yawo. Mtedza umene anasungira mbewu unali makoko okhaokha pangodya. Mdzukulu uja anali adakali ndi zipere, ndipo azichimwene ake awiri anali atayambanso, popeza onse atatu anametedwa ndi lezala limodzi.

Pali chinthu china chimene chimandivutitsa maganizo pa nkhani ya banja limeneli, ndipo n'chakuti mwina mphakayo sindiye anabweretsa matendawo. Zipere zambiri za m'mutu mwa ana a sukulu zimachokera kwa ana anzawo, kudzera m'zipeso, zipewa ndi makina ometera amene sanatsukidwe bwino, popanda chiweto chilichonse kukhudzidwa. Ndiponso si mphaka aliyense wothothoka ubweya amene ali ndi chipere, chifukwa utitiri, mphere ndi mabala a ndewu zimathothotsanso ubweya, pamene mphaka wina wooneka wosalala bwino amatha kunyamula timbewu tija osaonetsa chizindikiro. Kuweruza ndi maso okha, n'kuthamangira chigubu cha oyilo, ndi chizolowezi chimene tiyenera kuchisiya chaka chino. Sindikuvomerezanso zonyamula mphaka m'thumba n'kukamutaya kudambo kapena pamsika, popeza kumeneko ndi kungosamutsira matenda pakhomo pa mnzanu amene ana ake adzatola kamphakako ndi chimwemwe.

Zoyenera kuchita si zambiri. Ngati mphaka wapakidwa kale oyilo, musambitseni nthawi yomweyo ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, osati ndi palafini, mumupukute kuti asazizidwe, ndipo muitane alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya m'dera lanu. Mphaka amene mukumukayikira agone m'chipinda chimodzi chosavuta kukolopa, asalowe kogona ana, ndipo womugwira asambe m'manja ndi sopo. Mankhwala ake enieni ndi osambitsira okhala ndi miconazole ndi chlorhexidine kawiri pa sabata, pamodzi ndi akumwa monga itraconazole kapena griseofulvin kwa masabata osachepera 6, koma mlingo wake umatengera kulemera kwa mphaka, ndipo griseofulvin sapatsidwa kwa mphaka wa bere chifukwa amalumalitsa ana m'mimba, choncho musagule nokha popanda dokotala wa ziweto. Mabulangete ndi zitenje zichapidwe kawiri ndi kuyanikidwa padzuwa, masaka akale amene mphaka ankagonera awotchedwe, ndipo pansi muyambe mwachotsa ubweya ndi nsanza yonyowa musanakolope ndi kapu imodzi ya Jik m'makapu 10 a madzi, chifukwa tsache louma limangouluzira timbewu m'mwamba.

Kwa anthu, chipere cha pakhungu chimamva mankhwala opaka a clotrimazole kawiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4, ndipo mupitirize kupaka ngakhale bwalo lazimiririka. Cha m'mutu sichimva zopaka zokha popeza tizilombo tili m'kati mwa tsitsi, motero mwana apite kuchipatala akalandire mapiritsi, amene kawirikawiri amamwedwa masabata 6 mpaka 8. Pewani timachubu ta pamsika tokhala ndi betamethasone, chifukwa timaletsa kuyabwa kwa masiku ochepa kwinaku chipere chikufalikira, ndipo amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika asadikire kuti bwalo likule. Mphaka wodwala musamupatse Panado ngakhale kachidutswa, popeza piritsi limodzi lokha ndi lokwanira kumupha.