Mmene Mungasankhire Buku Losangalatsa la Chikondi cha Anthu a Zamasewera

Mabuku a nkhani zopeka za chikondi ali ndi pangano limodzi limene mlembi saliphwanya, loti pomaliza anthu awiriwo adzakhala pamodzi mwamtendere. Choncho amene akutsegula buku lotere mathero amakhala akuwadziwa kale, ndipo chimene akufuna ndi kuseka, kuda nkhawa pang'ono, kenako mtima kukhala m'malo. Masewera amathira mchere pa panganoli, chifukwa ngakhale mukudziwa kuti awiriwo adzagwirizana, simukudziwa ngati timu idzatenge chikho. Komabe si buku lililonse lokhala ndi wosewera pachikuto limene lingakukomereni, n'chifukwa chake kusankha kumafuna luso.

Poyamba, musaope masewera amene simukuwadziwa. Ambiri mwa mabukuwa amalembedwa ku United States ndi ku Canada, kotero kuti mudzakumana kwambiri ndi hockey wosewera pa madzi oundana, mpira wa ku America ndi baseball, ngakhale kuti mpira wamiyendo, tenisi ndi mpikisano wa galimoto wa Formula 1 nazonso zilimo. Pa hockey, amene owerenga a pa TikTok amutchukitsa kwambiri, n'zokwanira kudziwa kuti timu iliyonse imalowetsa osewera 6 kuphatikizapo goloboyi, masewera amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo matimu a mu NHL, ligi yaikulu ya ku United States ndi ku Canada, amalimbirana chikho cha Stanley Cup. Zotsalazo mlembi waluso amakuphunzitsani nkhani ili mkati, inu osazindikira.

Kenako werengani mawu a kuseri kwa chikuto kuti muone chimene chikukumanitsa awiriwo, pakuti njira zake n'zowerengeka ndipo alembi sazibisa. Pena wosewera amene mbiri yake yaipa m'manyuzipepala amapempha mtsikana kuti anamizire kukhala chibwenzi chake mpaka mphepo itadutsa. Pena awiriwo amayamba ndi chidani, wina mtolankhani amene analemba zomunyoza, wina katswiri wodzimva. Penanso chikondicho n'choletsedwa, chifukwa mtsikanayo ndi mwana wa kochi kapena mlongo wake wa kaputeni. Sankhani njira imene imakugwirani mtima, osati imene yatchuka. Kwa ine chibwenzi chonamizira ndiye chimabala nthabwala zambiri, popeza bodza limafuna kulilera tsiku ndi tsiku pamaso pa timu yonse.

Mukapeza buku lokopa, werengani mitu iwiri yoyambirira musanagule, zimene nthawi zambiri Kindle, pulogalamu yowerengera mabuku ya kampani ya Amazon, imalola kwaulere. Apa ndi pamene muyenera kudekha. Nthawi zambiri mitu imasinthana, wina akusimba mwamuna, wotsatira akusimba mkazi, ndipo muyenera kumva kuti akulankhula ndi anthu awiri osiyana, osati mlembi mmodzi amene wangosintha dzina pamwamba pa tsamba. Tcherani khutu makamaka ku zokambirana za m'chipinda chosinthira zovala. Ngati wosewera walowa mwakachetechete n'kuika chikwama pansi, foni yake n'kulira, iye n'kumwetulira asanaione n'komwe, anzake onse n'kusiya kumanga nsapato kuti amuyang'ane, ndiye kuti mlembiyo akudziwa kumene kukoma kwa mabukuwa kumachokera. Timu ili ngati banja lachiwiri limene limaseka munthu, kumuulula, ndi kumuteteza zinthu zikavuta. Ngati mitu iwiri yatha osakusekesani ngakhale kamodzi, bukulo lisiyeni, chifukwa nthabwala zimene zasowa koyambirira sizibadwa pa tsamba 200.

Dzifunseninso ngati nkhaniyo ingasinthe mpangankhani wamkulu atakhala wogwira ntchito mu ofesi. Ikapanda kusintha, masewerawo angokhala chokongoletsera. M'buku labwino, kalendala ya ligi ndiyo imathamangitsa nkhani: maulendo okasewera kutali amalekanitsa awiriwo, kuvulala bondo kumaopseza ntchito imene ambiri amaisiya asanakwanitse zaka 40, ndipo mphekesera zoti wosewera agulitsidwa ku timu ya mzinda wina zimafika nthawi imene chikondi changoyamba kukhazikika. Kusemphana kumene kumabwera chakumapeto kumamveka kukachokera pa zinthu zoterezi, pamene kukachokera pa uthenga wa pafoni umene wina waumva molakwa kumangotopetsa.

Pali china chimene chikuto chimabisa. Zikuto zambiri masiku ano zimakhala ndi zithunzi zojambula pamanja za mitundu yowala, zooneka ngati za ana, pamene mkatimo muli zochitika za kuchipinda zolongosoledwa mosabisa. Mabuku ena amatseka chitseko pa zoterezi, ena satero. Onani ndemanga za owerenga pa webusaiti ya mabuku ya Goodreads ndiponso chenjezo limene alembi ambiri amaika koyambirira, makamaka ngati mukugulira wachinyamata.

Pomaliza, fufuzani ngati bukulo lili m'gulu la mabuku otsatizana. Kawirikawiri lililonse limatsata wosewera wina wa timu yomweyo ndipo lingawerengedwe palokha, koma ndi bwino kuyamba ndi loyamba, kuti goloboyi wosalankhulalankhula amene munamuseka kumeneko mudzamupeze m'buku lachitatu akusowa mawu pamaso pa mkazi amene wamukonda.