Momwe mungasinthire hadi disiki ya laputopu yakale n'kubwezeretsa zinthu zanu zonse

Kuno ku Mulanje kuli malaputopu ambiri omwe eni ake anawataya mtima. Mphunzitsi wina wa kufupi ndi Chitakale anandibweretsera yake ataikulunga m'chitenje, akuti yakalamba: akaiyatsa amapita kukatereka madzi a tiyi, ndipo pobwerera amapeza isanatsegukebe. Maganizo awo anali oti aigulitse motchipa n'kuyamba kusunga ndalama za ina. Nditaimvetsera ndinamva kuti imene yatopa ndi hadi disiki yokha. Sikirini, kiyibodi ndi zina zonse zinali bwinobwino.

Hadi disiki yakale ili ndi timbale tozungulira mkati, nthawi zambiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kamkono komwe kamayenda pamwamba pake kuwerenga. Zonsezi zimatha ndi zaka, makamaka ngati laputopu imagwedezeka m'chikwama pa kabaza kapena m'minibasi ya ku Limbe. Disiki yatsopano yotchedwa SSD ilibe kanthu koyenda mkati. Yamtundu wa SATA (dzina la cholumikizira chake) imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, pamene yakale ija imangofika cha m'ma 100 MB. Pa ndalama zonse zomwe munthu angaike pa kompyuta yakale, palibe zimene zimaoneka phindu msanga ngati izi.

Musanagule, tembenuzani laputopu muwerenge nambala ya mtundu wake pansi, kenako fufuzani pa intaneti kuti imalandira disiki yotani. Malaputopu akale ambiri amalandira SATA ya mainchesi 2.5. SSD zambiri n'zokhuthala mamilimita 7 ndipo zimalowa bwino ngakhale pamalo pomwe panali ya 9.5. Malaputopu a posachedwapa amakhala ndi kamalo ka M.2, kolandira disiki yopyapyala ngati kachala, ndipo apa muchenjere chifukwa M.2 zilipo ziwiri, ya SATA ndi ya NVMe, ndipo si makina onse amene amalandira zonse ziwiri. Kwa wongolemba makalata ndi malipoti, 256 GB ikwana. Wosunga zithunzi za maukwati ndi mavidiyo a kwaya agule 512 GB. Funsani lisiti, ndipo ngati SSD ndi yogwirapo kale ntchito, muuze wogulitsa aitsegule ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo muone thanzi lake ndi maola omwe yagwira. Pomwepo gulaninso kabokosi ka USB koikamo disiki ya mainchesi 2.5. Kadzakuthandizani kwambiri kumapeto.

Tsopano ntchito yeniyeni, yomwe ambiri amaithamangira: kusunga mafayilo. Musakhudze sikuludiraiva musanamalize izi.

Pezani hadi disiki yakunja kapena fulashi yaikulu, ndipo muyambe mwaiunika ndi antivayirasi, pakuti fulashi zathu zimayenda m'malo ambiri osindikizira mapepala ndipo zimabwerako ndi kavayirasi kosandutsa mafoda kukhala tizizindikiro topanda kanthu. Koperani mafoda a Desktop, Documents, Downloads, Pictures, Music ndi Videos. Downloads anthu amaiiwala, chonsecho ndi momwe mumakhala masatifiketi, mafomu ndi makalata a ntchito omwe anakutumizirani pa imelo. Ngati disiki yanu inagawidwa pawiri, C ndi D, kumbukirani kuti zigawo zonsezo zili pa disiki imodzi yomweyo, ndiye D nayonso ikopedwe. Ngati kompyuta mumagwiritsa ntchito anthu angapo, aliyense ali ndi foda yake mkati mwa Users.

Pali zina zosaoneka ndi maso zomwe zimapweteka zikasowa. Mapasiwedi omwe Chrome imakukumbukirani amabwerera okha pokhapokha ngati munalowa ndi akaunti ya Google n'kuyatsa Sync, ndipo muonetsetse kuti pasiwedi ya Gmail yomweyo mukuidziwa pamtima komanso nambala ya foni yomwe munalembetsa ikugwirabe ntchito. Ogwiritsa ntchito Outlook afufuze fayilo yothera ndi .pst, momwe mumakhala maimelo akale. Osunga mabuku a banki m'khonde, a sitolo kapena a kalabu ya alimi a tiyi mu pulogalamu ya maakaunti atsegule pulogalamuyo n'kupanga bakapu (mafayilo okopedwa n'kusungidwa padera) kuchokera mkati mwake, osangokopa kachizindikiro ka pa Desktop. Tengani kope mulembe mayina a mapulogalamu onse omwe mumagwiritsa ntchito pamodzi ndi makiyi a laisensi zake. Onaninso ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, loko ya Windows yoteteza mafayilo. Ngati ndi choncho, pali kiyi ya manambala 48 yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Ilembeni papepala, chifukwa popanda iyo disiki yakale sidzatseguka mukadzaiika m'kabokosi kaja.

Mukamaliza kukopa, zulani disiki yakunjayo, muilumikize pa kompyuta ina ndipo mutsegule mafayilo angapo, akale ndi atsopano. Ndimaumirira pamenepa chifukwa ndinaonapo munthu akulira atapeza kuti foda yomwe ankati ndi bakapu inali ndi mayina okha, mkati mopanda kanthu. Mapepala ofunikitsitsa muwaikenso pa Google Drive, pomwe akaunti iliyonse imapatsidwa 15 GB yaulere. Ife a kuno tikukumbukira Namondwe Freddy mu March 2023, pamene madzi ndi matope zinalowa m'nyumba za anthu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Bakapu yogona m'chikwama chimodzi ndi laputopu imanyowa limodzi ndi laputopuyo.

Ngati disiki yakale ikulira kuti tiki tiki, kapena kompyuta imauma mukamakopa, musayambe ndi mavidiyo. Yambani ndi mapepala aang'onoang'ono ofunika, foda imodzi imodzi, disikiyo isanasiyiretu.

Pali njira ziwiri zosamukira pa SSD. Yoyamba ndi kukopa disiki yonse monga ilili ndi pulogalamu ngati Clonezilla, moti mukayatsa mumapeza zonse zili m'malo mwake. Njirayi ndi yabwino ngati muli ndi pulogalamu ya ntchito yomwe simungaipezenso, koma imafuna kuti SSD isachepe poyerekeza ndi zigawo zomwe mukukopa, komanso imasamutsa mavayirasi ndi zinyalala zonse za zaka zambiri. Ine ndimakonda yachiwiri, yoika Windows mwatsopano, ndipo ndi imene ndifotokoze.

Apa muyenera kusankha. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Imagwirabe ntchito, koma chitetezo chake chikunka chitsalira. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo kwa Intel imayambira pa mapulosesa a m'badwo wachisanu ndi chitatu. Ngati laputopu yanu ikukwanitsa, ikani 11. Ngati siikwanitsa ndipo ntchito yanu ndi kulemba, intaneti ndi kuonera mavidiyo, Linux Mint, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo imayenda mopepuka pa makina akale, kungoti mufufuze kaye ngati pulinta yanu imagwirizana nayo.

Pezani fulashi ya 8 GB kapena kuposa, yopanda kanthu, chifukwa idzafufutidwa yonse. Pa tsamba la Microsoft dawunilodani Media Creation Tool ndipo isiyeni ikonze fulashiyo. Imadya ma GB angapo, choncho gulani bandulo yaikulu kapena pemphani WiFi pomwe netiweki siidukaduka. Pamene kompyuta yakale ikugwirabe, pitaninso pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopu yanu mudawunilode dilaiva ya WiFi (kapulogalamu kothandiza kuti WiFi igwire ntchito) n'kuisunga pa disiki ya bakapu.

Kusintha disiki kwenikweniko sikutenga nthawi. Tchajani batire idzaze, popeza magetsi akhoza kuzima ntchito ili pakati. Zimitsani kompyuta kudzera pa Shut down, zulani tchaja, chotsani batire ngati ndi yakunja, ndipo dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe. Gwirani chitsulo, ngati cha pawindo, musanakhudze zamkati. Gwirirani ntchito patebulo louma, ndipo masiku a chiperoni tsekani mawindo kuti chinyezi chisalowe. Malaputopu akale ambiri ali ndi kachitseko pansi kokhala ndi masikuluwu awiri kapena atatu. Ena muyenera kuchotsa chivindikiro chonse chapansi, ndipo kwa amenewa muyambe mwazula kachingwe ka batire yamkati. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse, masikuluwu muziwaika m'mbale. Disiki imakhala m'kafelemu kachitsulo: ikokeni cham'mbali mofatsa ichoke pa cholumikizira, masulani kafelemuko, mumangemo SSD moyang'ana mbali yomweyo, n'kuilowetsa. Ikakana musaikakamize, ndiye kuti mwaitembenuza. Popeza mwatsegula kale, chotsani fumbi pa fani ndi kabulashi kouma.

Tsekani, lumikizani tchaja ndi fulashi ija, koma disiki ya bakapu ikhale patali. Kompyuta ikangoyaka, dinani mobwerezabwereza batani losankhira poyambira: F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, Esc pa Asus. Sankhani fulashi. Ikafunsa kiyi ya laisensi ya Windows, dinani pomwe palembedwa "I don't have a product key", kenako sankhani mtundu womwe munali nawo kale, Home kapena Pro. Ngati Windows yanu yakale inali yovomerezeka, idzadzitsimikiza yokha mukalowa pa intaneti, pakuti laisensi imamangidwa ku kompyuta, osati ku disiki. Sankhani kuika mwatsopano, lozani malo opanda kanthu a SSD, ndipo isiyeni. Idzazima n'kuyaka yokha kangapo.

WiFi ikapanda kuoneka, ikani dilaiva munasunga ija, kapena lumikizani foni ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering. Siyani Windows Update imalize ntchito yake koyamba, chifukwa imabweretsa madilaiva a mawu, sikirini ndi zina. Ikamaliza, yatsani Metered connection pa netiweki ya foni yanu kuti isamakudyereni bandulo mosadziwa.

Tsopano tsegulani kope lija muyambe kuika mapulogalamu, limodzi limodzi, kuchokera pa masamba a eni ake. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musaike Office yobedwa yochokera pa fulashi ya mnzanu pa disiki yatsopanoyi. Mapulogalamu othyola laisensi amakuuzani muzimitse antivayirasi, ndipo mukatero mwatsegula khomo nokha. Ngati mulibe laisensi, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Pa chitetezo, Microsoft Defender yomwe imabwera ndi Windows ndi yokwanira kwa ambiri a ife.

Mafayilo abwere pomalizira. Lumikizani disiki ya bakapu, iunikeni ndi Defender, ndipo koperani foda iliyonse kupita pamalo a dzina lomwelo. Gwiritsani ntchito Copy, osati Cut, kuti bakapu itsale. Kuti mutsimikize, dinani kumanja pa foda, sankhani Properties, ndipo yerekezani chiwerengero cha mafayilo uku ndi uku. Pulogalamu ya maakaunti muitsegule, mubwezeretse bakapu yake, muone ngati ndalama zomaliza zikufanana ndi zomwe zili m'buku. SSD musaidzaze thothotho, muzisiyako malo, ndipo mapulogalamu a defragment (osanja mafayilo pa disiki) siifuna chifukwa Windows imaisamala yokha.

Disiki yakale ija iikeni m'kabokosi ka USB ndipo muisunge mwezi wathunthu osafufuta kanthu. Mphunzitsi uja anabwereranso patatha masabata awiri akufuna mayeso a chaka chatha omwe anawasunga mu foda yomwe tonse sitinaiganizire, ndipo tinawapeza momwemo. Mwezi ukatha, ngati CrystalDiskInfo ikuonetsa kuti disikiyo ili bwino, ifomateni ikhale yosungira bakapu ya mwezi ndi mwezi. Ngati mukufuna kuigulitsa kapena kupatsa wina, pofomata chotsani kachizindikiro pa Quick Format kuti Windows ilembe pamwamba pa disiki yonse. Zimatenga maola, koma mukafomata mwachangu, zithunzi za ziphaso zanu ndi makalata a ku banki munthu wodziwa akhoza kuzibwezeretsa.