Momwe mungalembere za injini pa fomu yokayezetsa galimoto yodzipangira

Galimoto yochokera kufakitale imabwera zonse za injini zitalembedwa kale m'mapepala ake. Yodzipangira ilibe mwayi umenewo. Chasisi mwawotcherera nokha, injini mwazula m'galimoto ina, ndiye pa fomu palibe amene angakuyankhireni. Chofunika kugwira ndi ichi: lembani zimene zili pachitsulo, osati zimene anakuuzani wogulitsa. Woyeza adzawerama ndi tochi n'kuwerenga yekha pa injinipo, ndipo zikasiyana ndi za papepala mubwerera nayo galimoto yanu.

Choyamba, nambala ya injini

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pa buloko, thunthu la injini mmene muli masilinda, pamakhala manambala amitundu iwiri. Ena ndi otukuka, anaumbidwa limodzi ndi chitsulocho, ndipo amafanana pa mabuloko ambirimbiri. Amenewo asiyeni. Nambala imene mukufuna ndi yokhomedwa, yolowa mkati, ndipo imakhala pa kamalo kosalala kamene anakapala dala. Nthawi zambiri kamaloka kamakhala m'mbali mwa buloko, pafupi ndi pamene yakumana ndi giyabokosi kapena pansi pa hedi, chitsulo chovundikira masilinda pamwamba. Pa injini yakale ya Volkswagen Beetle kali pansi pa mwendo umene wanyamula jenereta.

Tsukani malowo ndi palafini ndi kaburashi ka waya. Galayindala musayese n'komwe. Imafufuta manambala, komanso mikwasa yake imaoneka ngati munthu amabisa nambala ya injini yakuba, ndipo nkhani imeneyo siithera kwa woyeza yekha. Manambala akakhala ozilala, pakanipo choko n'kupukuta pamwamba ndi chala. Choko chimatsalira m'mizere. Tochi iunikeni chammbali, osati molunjika, kuti mithunzi ionetse zilembo. Mukatero jambulani ndi foni.

Pokopera, samalani 0 ndi O, 8 ndi B, 5 ndi S. Nambala ya chasisi ya zilembo ndi manambala 17 ija siikhala ndi I, O kapena Q, koma ya injini siitsata lamulo limenelo. Ndipo ziwirizi musazisokoneze: nambala ya chasisi ya galimoto imene munazulamo injini ilibe malo m'bokosi la nambala ya injini pa fomu.

Zonsezi ndi bwino kuzichita injini isanakwere. Ikakwera, yang'anani ngati nambalayo ikuonekabe. Ngati paipi ya utsi kapena chitsulo chimene munawotcherera chaiphimba, konzani lero, chifukwa woyeza sadzamasula galimoto yanu kuti aione.

Chachiwiri, wopanga ndi mtundu wa injini

Wopanga injini si inu, ngakhale galimotoyo ndi ya manja anu. Ngati inachokera mu Toyota, lembani Toyota. Mtundu wake ndi zilembo monga 4A-GE, ndipo zimenezi si nambala ya injini ayi, ndi dzina la banja lonse la injinizo.

Chachitatu, kukula kwake mu cc

Zolembedwa kumbuyo kwa galimoto, monga 1.6 kapena 2.0, ndi zongoyerekeza. Fomu imafuna nambala yeniyeni mu cc, muyezo wa malo amene mapisitoni onse amayendamo m'masilinda. 4A-GE ndi 1,587 cc, Beetle 1600 ndi 1,584 cc, Ford Pinto ya malita 2 ndi 1,993 cc.

Mukhoza kuwerengetsa nokha. Tengani kukula kwa bowo la silinda mu masentimita, kuchulukitseni ndi iko komwe, kenako ndi 0.7854, kenako ndi mtunda umene pisitoni imayenda, nawonso mu masentimita, pomaliza ndi chiwerengero cha masilinda. Pa 4A-GE bowo ndi 8.1, mtunda ndi 7.7, masilinda ndi 4, ndipo yankho ndi 1,587. Tsono injini zakale zambiri zinakuzidwapo mabowo pokonzedwa. Mukangowonjezera theka la milimita pa bowo la injini yomweyi, yafika pa 1,607 cc. Ngati yanu inakuzidwa, lembani kukula kwatsopano ndipo sungani kalata ya amene anagwira ntchitoyo.

Chachinayi, mphamvu ndi liwiro la injini

Onani kaye muyezo wa mphamvu umene fomu ikufuna, chifukwa kW, hp ndi PS ndi miyezo yosiyana. Ngati ndi kW koma buku lanu lalemba hp, chulukitsani ndi 0.746, likalemba PS, ndi 0.7355. Injini ya 100 hp ndi pafupifupi 75 kW.

Mafomu ena amafunsanso rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) imene injini imatulutsira mphamvu yake yonse. Iyi si rpm ya pamzere wofiira wa pa geji, umene umasonyeza malire a liwiro la injini, ndipo kukokomeza pano n'kudzipweteka nokha. Ku Britain, pa mayeso a IVA, ovomereza galimoto imodziimodzi monga yodzipangira, phokoso amaliyeza injini ili pa magawo 3 mwa 4 a rpm imene mwalembayo. Mukalemba 8,000 m'malo mwa 6,000, adzaiponda mpaka 6,000 pamene akanaimira pa 4,500, ndipo galimoto ikhoza kulephera chifukwa cha cholembera chanu. Tengani nambalayi m'buku la wopanga.

Chachisanu, chaka cha injini

Galimoto mwaimaliza chaka chino, koma injini ili ndi chaka chake. M'mayiko ena malire a utsi amatengera chaka chimenecho, ndipo wopanda umboni amamuyeza ndi malire okhwima a injini zatsopano, amene injini ya kabyuleta siingawakwanitse. Umboni wabwino ndi mapepala a galimoto imene injiniyo inachokera, kapena kalata ya wopanga yotchula nambala ya injiniyo.

Zotsalazo n'zachidule: petulo kapena dizilo, masilinda angati, ili ndi turbo kapena ayi. Ngati turbo munaikapo nokha, ilembeni ndithu.

Musanapereke fomu, ikani pambali pake chithunzi cha nambala chija ndi lisiti yogulira injini, muwerenge chilembo chimodzichimodzi. Lisiti yopanda nambala ya injini siithandiza kwenikweni, choncho bwererani kwa wogulitsa akailembepo n'kusaina. Sungani kope la fomuyo. Mukasintha injini fomu itapita kale, dziwitsani ofesi yoyeza tsiku loyezetsa lisanafike.