Momwe mungaphunzirire nkhani ya UBI kuno kwathu

Musanalowe mkangano wakuti universal basic income, kapena kuti UBI, ndi yabwino kapena ayi, yambani mwaidziwa nkhope yake, chifukwa zambiri zimene anthu amazitcha UBI ndi zina. Bungwe lochirikiza UBI la Basic Income Earth Network (BIEN), lomwe linayamba mu 1986, limapereka zizindikiro zisanu. Zikhale ndalama zenizeni, osati feteleza kapena chimanga. Zizibwera nthawi ndi nthawi. Alandire munthu payekha, osati banja. Alandire aliyense, wosauka ndi wolemera yemwe. Ndipo pasakhale lamulo lakuti ayambe wagwira ntchito.

Tengani zisanuzo muyesere Social Cash Transfer, pulogalamu ya boma la Zambia yopatsa mabanja osauka ndalama, imene inayambira ku Kalomo mu 2003 n'kufika ku Chipata mu 2006. Ndi ndalama, zimabwera nthawi ndi nthawi, ndipo wolandira salamulidwa chochita nazo. Koma zimapita ku banja, ndiponso mabanja ake ndi ochita kusankhidwa. Choncho si UBI. Chomwe chinayandikirako chinachitika ku Katete kuyambira 2007: m'madera amene boma linkayeserako, aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo ankalandira popanda kufunsidwa kuti ali ndi ng'ombe zingati. Mukapeza mpata, chezani ndi a CWAC ya kwanuko, komiti ya m'mudzi imene imathandiza kusankha mabanja olandira. Afunseni mmene amasankhira pakati pa makomo awiri oyandikana amene onse amagona ndi njala, ndi mawu amene amamva mndandanda ukatuluka. Mfundo yaikulu ya ochirikiza UBI ili pamenepo: kusankha kumadya nthawi ndi ndalama, kumasiya ena oyenera, ndipo kumadanitsa anthu m'mudzi.

Kenako tengani pepala muwerengere nokha. Gawo ili ndi limene ambiri amalumpha. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni m'Zambia. Mukapatsa aliyense K200 pamwezi, chulukitsani 200 ndi miyezi 12, kenako ndi anthuwo: mupeza pafupifupi K47 biliyoni pachaka. Bajeti yonse ya 2025 inali K217.1 biliyoni, ndiye kuti pa kwacha zisanu zilizonse za boma, imodzi ndi kanthu kena zapita. Mukati K400, zikwana K94 biliyoni. Tsopano pitani ku msika wa Kapata ku Chipata mukafunse mtengo wa thumba la ufa la 25kg, muone kuti K200 igula chigawo chanji. Mukafunsenso mu Januwale, nthawi ya njala. Ndalama yosasintha imachepa mphamvu mitengo ikakwera, choncho pulani yosanena mmene ndalamayo idzakwezedwere ndi yosatha.

Funso lotsatira ndi la kochokera ndalamazo. M'maiko olemera amati zambiri zimabwerera kuboma kudzera m'msonkho wa pa malipiro. Kuno mlimi wa nshawa ndi mayi wogulitsa tomato salipira msonkho umenewu wa PAYE, ndiye zobwerera n'zochepa. Zotsala ndi VAT, imene ili pa 16 peresenti ndipo imapweteka wosauka yemweyo, msonkho wa migodi, kuchotsa zina monga FISP (thandizo la feteleza ndi mbewu kwa alimi), kapena ngongole. Ya ngongoleyo njolemera kwa dziko lathu, limene linalephera kubweza mu Novembala 2020. Aliyense wokuuzani za UBI mufunseni kuti watenga njira iti.

Powerenga zimene maiko ena anayesa, funsani kuti analandira ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo analipira ndani. Ku Finland mu 2017 ndi 2018 analandira anthu 2,000 osowa ntchito okha, 560 euro pamwezi. Ku Otjivero, m'dziko la Namibia, unali mudzi umodzi, N$100 pamwezi mu 2008 ndi 2009. Ku Alaska boma lakhala likugawa phindu la mafuta kuyambira 1982, koma kamodzi pachaka. Chofanana kwambiri ndi moyo wathu ndi cha bungwe lothandiza la GiveDirectly m'midzi ya ku Kenya: ena akulandira pafupifupi $22.50 pamwezi kwa zaka 12, ena analandira kwa zaka 2, ena pafupifupi $500 pakamodzi. Anthu sanasiye kugwira ntchito. Ambiri anachoka ku maganyu n'kuyamba timabizinesi tawo, ndipo olandira mwezi ndi mwezi ankasonkherana ngati chilimba kuti apeze mpamba wokulirapo. Komabe ndalamazo zinachokera kwa opereka thandizo, osati m'msonkho wa anthu a ku Kenya, motero sizikutiuza chimene chingachitike dziko lonse likamadzilipirira lokha.

Musaiwale njira yofikitsira ndalama. Amene alibe chiphaso cha NRC kapena foni, kapena ali kutali ndi ejenti wa mobile money monga m'midzi ina ya ku Vubwi, amasiyidwa ngakhale lamulo litati aliyense. Ndalama zikhozanso kusowera panjira: mu 2018 zina za Social Cash Transfer zinasokonekera mpaka Britain inaimitsa thandizo lake. Pulani iliyonse imene mukuwerenga inene amene adzalemba maina, amene adzafafaniza a omwalira, ndi kumene munthu wosiyidwa angakadandaule.