Kuyamba ntchito yoika magetsi m'nyumba ku Kasungu: ziphaso, mitengo ndi nyengo ya ndalama

M'madera ozungulira tauni ya Kasungu, monga ku Chankhanga ndi ku Belele, nyumba za njerwa zootcha zikumangidwa m'mapoloti atsopano, ndipo pafupifupi iliyonse idzafuna mmisiri woika mawaya eni ake asanalowemo. Ntchito ilipo ndithu, koma luso lolumikiza swichi, soketi ndi babu silokwanira kuti munthu akhale kontirakitala. Bizinesi imeneyi yatsamira pa chiphaso, chifukwa ESCOM isanalumikize magetsi pa nyumba imafuna kuti wayaring'i ikhale yoti waichita ndi kuisainira mmisiri wovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Poyambira pake ndi mapepala a maphunziro. Ambiri amadzera m'sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College pansi pa ndondomeko ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, pomwe ena amaphunzira pa ntchito kenako n'kulemba mayeso a Trade Test, omwe amayambira pa giredi 3 n'kukathera pa giredi 1. Pa nthawi yomwe mukugwira pansi pa mmisiri wina, muzilemba m'kope nyumba iliyonse yomwe mwagwirapo, mtundu wa ntchito ndi mwezi wake, ndipo pochoka mupemphe kalata ya umboni, popeza opereka ziphaso amafuna kudziwanso zomwe manja anu adachitapo.

MERA, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004 loyang'anira za mphamvu, ndiyo imapereka chiphaso choika magetsi, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Ziphasozi zili m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito yomwe munthu akuloledwa kugwira, kotero wololedwa nyumba zogona asadzitengere ntchito ya pa fakitale. Pemphani gulu logwirizana ndi mapepala anu, mudzakwere pambuyo pake, ndipo musalole chiphaso kutha mphamvu muli pakati pa ntchito ya munthu.

Pali chizolowezi china chomwe chimaoneka ngati ndalama yosavuta. Mnyamata wopanda chiphaso amaika mawaya m'nyumba, kenako n'kubwera kwa mwini chiphaso kuti amusainire mafomu pomupatsa kangachepe. Wosainayo sanaone ngati waya wa kukhichini ndi wokwanira, sanaone ngati ethi (chitsulo chokhoma m'nthaka chopititsa pansi magetsi othawa) idakhomedwa, komabe dzina lomwe lili pa pepala ndi lake. Nyumbayo ikadzapsa kapena mwana akadzagwidwa ndi magetsi pa mpopi wa m'bafa, wofunsidwa ndi iyeyo, ndipo chiphaso chomwe adachivutikira zaka zambiri chingathe kulandidwa. Ngati mnzanu akufuna siginecha yanu, pitani mukaone ntchitoyo, muyeze mawaya onse ndi zida zanu, mulamule kuti zolakwika zikonzedwe, ndipo mulipiritse kuyenderako monga ntchito yapayokha. Akakana, musasaine.

Mapepala a bizinesi ndi osavuta kuwamvetsa. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku MRA, ndipo amene watsegula ofesi kapena shopu m'tauni amafunika laisensi ya ku khonsolo ya Kasungu. Wofuna makontirakiti a ntchito za m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a boma alembetsenso ku bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC, komanso ku PPDA, bungwe loyang'anira zogula za boma. Woyamba kumene angathe kudikira pa ziwiri zomalizazi mpaka bizinesi itaima, pakuti ntchito za boma zimafuna munthu wotha kugula katundu ndi ndalama zake n'kupirira podikira malipiro.

Pa zida, musaumire ndalama pa zoyezera. Mapulayasi, masikuludiraiva, makwerero, chizulo ndi hamala zimapezeka mosavuta, koma chimene chimasiyanitsa kontirakitala ndi wongoyerekeza ndi multimeter (choyezera mphamvu ya magetsi) yodalirika, makina oyezera ngati chikopa cha waya sichikutaya magetsi, omwe amisiri amawatchula kuti Megger, ndiponso choyezera ethi. Dothi la madera ambiri a ku Kasungu ndi lamchenga ndipo limauma kwambiri m'chilimwe, choncho chitsulo cha ethi chomwe chidaonetsa bwino mu Febuluwale chingathe kukhala chofooka mu Okutobala. Nthawi zina pamafunika kukhoma zitsulo ziwiri kapena kuzamitsa kwambiri, ndipo mtengo wake ulowe m'kotesheni, pepala la mitengo lomwe mumapatsa mwini nyumba ntchito isanayambe.

Kotesheniyo ndiyo imagwetsa amisiri ambiri. Katundu wochuluka wa zamagetsi amachokera kunja, motero mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene adagwirizana mtengo umodzi wophatikiza zonse masiku amenewo adamaliza nyumba za anthu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Lembani katundu payekha, ntchito ya manja payokha, mayendedwe payokha, ndipo pansi pake mulembe kuti mitengo ya katundu ikugwira ntchito kwa masiku ochepa okha, monga sabata imodzi kapena ziwiri. Pa ntchito ya manja, njira yomwe eni nyumba amaimva msanga ndi yowerengera pa poyinti, kutanthauza malo aliwonse a babu, soketi kapena kuka (chophikira cha magetsi), ndi mtengo wapadera wa bokosi la mabuleka (maswichi odzizimitsa okha pakavuta) ndi ethi.

Pa mndandanda wa katundu mutchule saizi ya waya aliyense: 1.5 mm² wa mababu, 2.5 mm² wa masoketi, ndi 6 mm² kapena kuposera apo wa kuka, malinga ndi mphamvu yake ndi kutalika kwa njira. Mwini nyumba akasankha kukagula yekha, zomwe ambiri amachita pofuna kupulumutsa ndalama, muuzeni molemba kuti simudzaika waya wosakwana muyezo. Pa msika pali mawaya omwe kunja amaoneka onenepa koma mkati muli kopa wochepa, ndipo ena ndi aluminiyamu wongopakidwa mtundu wa kopa. Mukapala nsonga yake ndi mpeni, kuyera kumaonekera. Kwa ine, kupita ku Lilongwe kukagula katundu wa nyumba ziwiri kapena zitatu pa ulendo umodzi kwa wogulitsa wopereka lisiti n'kwanzeru kusiyana ndi kutola pang'onopang'ono paliponse.

Malipiro agawidwe potsata momwe nyumba ikumangidwira: gawo loyamba poika mapaipi ndi mabokosi pulasitala isanapakidwe, lachiwiri pokoka mawaya denga litafoleredwa, lomaliza poika maswichi, masoketi ndi kuyeza. Nyumba zambiri kuno zimamangidwa kwa zaka zingapo, ndipo pakati pa gawo loyamba ndi lachiwiri pangadutse mvula ziwiri, nchifukwa chake si bwino kulandira lero ndalama za ntchito yomwe mudzagwire mitengo itasintha. Mukalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, lembanibe lisiti.

Ndalama za ku Kasungu zimayenda ndi fodya. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndiponso soya, mtedza ndi chimanga zikayamba kugulitsidwa, anthu amayambiranso zomanga zomwe zidaima, ndipo kuyambira pamenepo kufikira cha mu Okutobala mmisiri wodziwika sapuma. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zimakhala zili ku feteleza, aganyu ndi fizi, ndipo zotsala ndi ntchito zing'onozing'ono zokonza zomwe mphezi ndi kudontha kwa madenga zaononga. Ndalama zokonzetsera chiphaso ndi laisensi muziziika padera m'miyezi yokolola.

Musadalire nyumba za m'tauni zokha. Nyumba wamba imalandira magetsi a 230 V, koma zigayo, mapampu a madzi a m'maesiteti ndi mashopu owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito 400 V ya mafezi atatu, ndipo amisiri odziwa mamota ndi masitata (zoyatsira) ake ndi ocheperapo, pomwe mwini chigayo chomwe chaima safuna kudikira mawa. Malo a malonda monga Santhe, Chamama ndi Nkhamenya ali ndi ntchito zoterezi, kungoti mtengo wa mafuta a njinga yamoto uyenera kuwerengedwa musananyamuke. Sola nayo ili ndi msika: magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kwa magetsi kudakankhira mabanja ndi mashopu ku mapanelo, mabatire ndi ma inverter (makina osandutsa magetsi a batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba). Poika zimenezi, ikaninso swichi yosinthira kuti magetsi a batire asabwerere mu nthambo za ESCOM, pomwe wogwira ntchito pa polo angavulale nawo.

Musanayambe nyumba iliyonse, yang'anani polo ya ESCOM yomwe ili pafupi. M'mapoloti atsopano a kunja kwa tauni nthambo zimakhala kuti sizinafike, ndipo mwini nyumba ayenera kumva kwa inu, ntchito isanayambe, kuti ndalama zolumikizira ndi za mita amalipira ku ESCOM padera, kuti mapolo oonjezera amakweza mtengowo, komanso kuti tsiku loyatsa magetsi sililamulidwa ndi mmisiri. Mawu amenewa alembedwe m'pangano, ndipo gawo lanu lomaliza lilipidwe pa tsiku lomwe mwayeza ndi kusaina mafomu, osati pa tsiku lomwe mita idzabwere.